Dothi loimirira la ku Alum Bay

Amayi anatipeza kuno ku Southampton, kum'mwera kwa England, m'mwezi wa June, nyengo imene 9 koloko ya usiku imakwana dzuwa lisanalowe. Anabwera kudzaona mdzukulu wawo, yemwe kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankangomuonera pa foni. Masabata awiri oyambirira sindinawayendetse kulikonse, chifukwa ndinali pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalirako okalamba kumene ndimagwira ntchito. Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kuntchitoko ndinawapeza ataima pawindo, atafunda chitenje m'mapewa, maso ali pansi.

"Iwe, kodi kunoko dothi liliko?"

Ndinasuzumira nawo. Phula, simenti, njerwa zoyala, kakapinga kometedwa bwino. Funsolo linandikhala pamtima tsiku lonse, tulo osabwera. Amayi ndi munthu wa dothi. Kwathu ku Chiradzulu amadziwa dambo limene kuli mtsiro wabwino wozirira, chulu chimene dothi lake limagwira pakhoma, ndi khwawa limene kuli dongo losang'ambika mbiya ikalowa pamoto. Akatapa dothi n'kulifikisa m'zala amakuuza ngati pamenepo chimanga chingachite kapena pangoyenera chinangwa. Munthu wotere ndinamusunga masiku 14 m'nyumba yosanja, phazi lake osaponda nthaka.

Loweruka lotsatira tinalawira atatu. Tinakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Brockenhurst, n'kusintha kukwera ina yotsikira ku Lymington, kumene njanji imathera padoko penipeni. Kuchoka apo ndi sitima ya pamadzi, mphindi pafupifupi 40, kukakocheza ku Yarmouth pa chilumba cha Isle of Wight. Kenako basi yopanda denga inatikweza zitunda mpaka kunsonga ya kumadzulo kwa chilumbacho, pamalo otchedwa Alum Bay. Ine ndinali nditapitako kale kamodzi ndi anzanga a kuntchito. Tinajambulitsa zithunzi, tinadya ayisikilimu, tinabwerako. Ndinkadziwa kuti kuli maphompho a mitundumitundu, koma ndinganene kuti ulendo woyambawo ndinangowayang'ana, sindinawaone.

Ukafika pamwamba, chimene chimakuchingamira ndi phokoso. Magalimoto ndi mabasi a alendo ali mbwee, ana akukwera zozungulira, fungo la maswiti ndi tchipisi, mashopu a timphatso. Maphomphowo suwaona n'komwe, poti wawaponda. Kuti uwaone uyenera kutsikira kugombe, ndipo njira zake n'ziwiri: masitepe ambirimbiri otsata khwawa, kapena mipando yolendewera pachingwe imene yakhala ikutsitsa anthu kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Amayi anaiyang'ana mipandoyo ikudutsa m'malere, miyendo ya anthu ili lendelende.

"Ine pachingwe ayi. Miyendo ndili nayo."

Tinatsika ndi masitepe, pang'onopang'ono, akupumira m'njira. Pansi palibe mchenga wosalala ngati wa ku Senga Bay. Ndi miyala yobulungira yokhayokha, imene imalira khochokhocho mafunde akamaikoka. Mwana anathamangira kumadzi. Ine ndinagwira amayi paphewa n'kuwatembenuza kuti ayang'ane kumene tachokera.

Anakhala chete nthawi yaitali ndithu.

Khoma lake ndi lalitali moti munthu woima pamwamba amaoneka ngati nyerere. Ndipo si la mtundu umodzi. Apa pali psuu ngati njerwa yopsa bwino, pambali pake chikasu ngati ufa wa chimanga cha olenji, kenako mbee ngati ufa woyera woyanika pamphasa, kenako kamzere kakuda bii ngati makala, kenako potuwa ngati phulusa, ndiye pena pofiirira mwa pinki, pena pobiriwira pang'ono. Usiku wake kunagwa kamvula, choncho mitundu yonse inali itatsukika. Amayi anayamba kuloza ndi chala, akutchula ngati akuwerenga ana a m'mudzi. Uyu ndi katondo. Ili ndi dongo, la mbiya lenileni. Uwu ndi mchenga wa kumtsinje. Ichi chakudachi chikunga mtsiro, koma mtsiro suuma chonchi. Kenako anatsitsa dzanja n'kundiyang'ana.

"Nanga analiimika ndani?"

Sindinamve msanga chimene ankafunsa. Anandikumbutsa za chitsime chimene malemu bambo anakumbitsa kuseri kwa nyumba ine ndili mwana. Pamwamba panatuluka dothi lakuda, pansi pake lofiira, kenako lubwe, kenako loyera lonyowa, madzi n'kubwera. Aliyense amene anakumbapo chitsime, dzenje la chimbudzi kapena manda amadziwa kuti dothi limagona. Lina limayala pamwamba pa linzake ngati zofunda. Koma pa Alum Bay mizere yonse ili njo, kuchokera kugombe kuloza kumwamba, ngati nsungwi za mpanda. Ine ulendo woyamba uja ndinaona mitundu basi. Amayi m'mphindi zochepa anaona chimene chimakokera akatswiri a miyala ndi ana a sukulu za ukachenjede kumalowa chaka ndi chaka. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Yankho lake ndinaliyamba pa zikwangwani za pamalopo, n'kudzalimalizitsa ndi kuwerenga titabwerera kunyumba. Dothili linagonadi poyamba. Pakati pa zaka pafupifupi 55 miliyoni ndi 35 miliyoni zapitazo, dera lino linali lotentha kuposa lero, ndipo nyanja inkabwera n'kubwerera, kubwera n'kubwerera. Madzi akakhala akuya ndi odekha, pansi pankadikha matope amene lero ndi dongo. Akaphwa n'kusiya magombe ndi mathiriro a mitsinje, pankaunjikana mchenga. Pakakhala chithaphwi cha mitengo ndi zomera, zinkaolerana n'kusanduka timizere takuda tija, timene ndi malasha osakhwima. M'dongo lina loyera la pamenepa anthu anapezamo zidindo za masamba a mitengo ya kumalo otentha, yoti ku England wa lero singapirire chisanu. Muyalo pamwamba pa muyalo, zonse zitagona bwinobwino monga amayi amadziwira.

Chimene chinadzaziimika chinachokera kwathu. Chigawo cha dziko chimene chasenza Africa chakhala chikusunthira kumpoto, pang'ono kwambiri moti pa chaka sichitha kutalika kwa chala, koma osaleka. Pokankhana ndi chigawo cha Ulaya chinatukula mapiri a Alps. Mphamvu yomweyo inafika mpaka kum'mwera kwa England, n'kudzutsa ming'alu yakalekale ya m'miyala ya pansi kwambiri, ndipo miyalo ya pamwamba inapindikira pa ming'aluyo. Mukayala mphasa, mbali ina itatsamira khoma, n'kuikankha ndi phazi, imatukuka n'kupinda msana. Pa Isle of Wight msana umenewo unapindika kwambiri moti mbali yake ya kumpoto inaima chilili. Nyanja itadzadula pamenepo ngati mpeni pa chigumu, mkati monse munaonekera.

Ndinayesa kuwafotokozera amayi zimenezi pagombe pomwepo, ndi manja ndi chitenje chawo m'malo mwa mphasa. Mwana ndiye anamva msanga. Anafunsa m'Chichewa chake chopunduka chija: "Agogo, ndiye kuti Africa inakankha?" Amayi anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Eya, mwana wanga. Tinayamba kale kufika kuno."

Pali chinthu china chimene chimandisangalatsa kwambiri pa kuimirira kumeneku. Kwina kulikonse, kuti uone dothi lakale uyenera kukumba, ndipo ukamapita pansi m'pamene ukubwerera m'mbuyo. Pano sufuna khasu. Ukayang'anizana ndi phompho, kudzanja lamanja kuli mwala woyera wa choko, umene ndi wakale kuposa zonse, wa zaka zoposa 66 miliyoni, wopangidwa ndi zigoba za tizamoyo ta m'nyanja tosaoneka ndi maso. Ukamayenda kulowera kumanzere ukudutsa miyalo yocheperachepera msinkhu, ndipo pofika kumapeto, ku phiri la Headon, miyaloyo yayambanso kugona. Ulendo wa mphindi zochepa pamiyala yoterera ija umakudutsitsa zaka mamiliyoni ambiri. Tinauyenda, amayi ali pakati, ine ndi mwana titawagwira uku ndi uku.

Nanga mitundu? Mchenga weniweni ndi woyera kapena wotuwa. Chimene chimaupaka utoto kwenikweni ndi chitsulo chimene chili m'nthaka. Chikakumana ndi mpweya ndi madzi chimachita dzimbiri, monga limachitira khasu loiwalika kumunda nyengo ya mvula. Dzimbiri lina limafiira, lina limachita chikasu, lina lakhofi, malinga ndi mmene madzi analowerera. Kubiriwira kuja kumachokera ku timiyala tina tokhala ndi chitsulo timene timapangika pansi pa nyanja. Kuda ndi zotsalira za zomera. Pamene chitsulo sichinafike, mchenga unatsala mbee, ndipo woyerawo kale ankaukumba n'kuupakira m'zombo kupita nawo kumafakitale a magalasi. Katondo wa kwathu amafiiranso chifukwa cha chitsulo chomwechi. Amayi potchula dzina lija sanaphonye.

Tikuyenda choncho tinafika pamene mulu waukulu wa dothi unali utatsetsereka kuchokera pamwamba n'kudzakhala pamiyala, mitundu yonse itasakanikirana ngati phala. Pamwamba pake panali chilonda chatsopano, chowala kuposa pena paliponse. Timadzi tinkachucha m'munsi. Zikwangwani zinkachenjeza kuti munthu asakwere, asakumbe, asakhale pafupi ndi tsinde la phompho. Amayi anaima. Nkhope inasintha. Anakoka mwana n'kumuika kumbali ya kunyanja.

"Tiyeni tichokepo. Dothi likayamba kuyenda silichenjeza."

Ndinadziwa kumene mtima wawo unapita. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakhuthula mvula masiku angapo osakata kum'mwera kwa Malawi, ndipo mapiri anasegula. Ku Chilobwe m'munsi mwa Soche, ku Mulanje, ku Phalombe, ndi kwathu ku Chiradzulu, matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira nyumba ndi anthu ali momwemo. Amayi anataya anzawo a kumpingo amene matupi awo sanapezeke mpaka lero. Ine ndinkatsatira zonsezo pa foni, kuno, pakati pa shifiti, ndikulirira m'kachipinda kochapira. Iwo anamva ndi makutu awo phiri likubangula.

Tinakhala pamwala patali ndi phompholo, ndipo mpamene ndinayamba kumvetsa chinthu chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi. Kukongola kwa Alum Bay ndi kugumuka kumene. Madzi a mvula amalowa mosavuta mumchenga, akafika padongo amaima, dongo limafewa n'kuterera, ndiye chigawo chonse chimatsika. Mafunde a m'nyengo yozizira amabwera kudzasesa zimene zagwazo, tsinde la phompho n'kutsalanso pamtunda, lokonzeka kugwa kachiwiri. Nyanja itati ileke ntchito imeneyi, kapena anthu atamanga chikhoma cha simenti kuti aitchinge, phompholo lingakhazikike, udzu ndi zitsamba zingamere, ndipo pakutha pa zaka zingapo mitundu yonse ingabisike pansi pa msipu. Chimene anthu amalipirira sitima ndi basi kudzaona ndi bala losapola. Tsiku limene lidzapole, alendo adzaleka kubwera.

Ife tinakula tikuphunzitsidwa kuti nthaka yovulala ndi tsoka. Alangizi a zaulimi ankabwera kudzatiuza za akalozera, za udzu wa vetiva, za kutseka zigwembe zisanadye munda. Ndipo ankanena zoona. Ndiye zinandivuta kuima pamalo pamene kukokoloka kwa nthaka kumatetezedwa ndi lamulo, pamene palibe amene akufuna kukuletsa. Ndinalingalira nthawi yaitali kuti kusiyana kwake kuli pati, popeza dothi ndi lomwelo, madzi ndi omwewo, ndipo madzi saiwala khwawa kaya ndi ku England kaya ndi ku Chiradzulu. Chimene ndinapeza n'chakuti pansi pa phompho la Alum Bay sipagona munthu. Palibe munda wa wina, palibe manda a makolo. Amene anamanga m'mphepete mwa Soche sanamange chifukwa chosadziwa kuti phiri ndi phiri. Anamanga chifukwa malo abwino mumzinda wa Blantyre ali ndi mtengo woti munthu wogulitsa tomato sangaufike. Ndimakwiya ndikamva anthu okhala m'nyumba za mipanda akunena kuti anthu aja anazifuna okha.

Komanso ndisanamize wina kuti kuno dothi loyenda ndi chisangalalo chokhachokha. Pa chilumba chomwechi, kum'mwera chakum'mawa, tauni ya Ventnor inamangidwa pa nthaka imene yakhala ikutsetsereka kuyambira kalekale. Mu December 2023 ku Bonchurch, pafupi ndi tauniyo, chigawo chachikulu cha phiri chinatsika usiku, mabanja anasamutsidwa, msewu waukulu unatsekedwa kwa miyezi. Kunoko nakonso anthu amalira nyumba zawo. Koma anatuluka amoyo, ndipo anali ndi kolowera.

Titapuma tinakwera kaboti kamene kamanyamula alendo kuchokera pagombepo kukazungulira The Needles, miyala itatu ya choko yoima m'nyanja motsatizana kumapeto kwa chilumba. Dzinali limatanthauza masingano, ngakhale itatu yotsalayi ndi yonenepa ngati mano a m'tsaya. Umene unali wosongoka ngati singano unali wachinayi, wotchedwa Lot's Wife, kutanthauza mkazi wa Loti, ndipo unagwa ndi namondwe mu 1764. Mpata wake ukuonekabe ngati pamene pachoka dzino. Amayi atamva dzinalo anagwedeza mutu, nkhani ya mwala wa mchere amaidziwa bwino. Kumapeto kwenikweni kuli nsanja ya nyali yolondolera zombo, ya mizere yofiira ndi yoyera, yomangidwa mu 1859, imene kuyambira 1994 imayaka yokha popanda munthu wogonamo. Kalekale mzere wa choko umenewu unkapitirira mpaka ku Dorset, kutsidya, nyanja isanauboole n'kupatula chilumbachi ku mtunda.

Ndipo ndi pamadzipo pamene maphompho a mitundu amaonekera bwino koposa. Uli patali, mizere yonse imabwera pamodzi ngati chitenje chachikulu choyanikidwa pa chingwe. Woyendetsa boti ankalozanso zina pamwamba: malo amene Guglielmo Marconi anaimika mlongoti wake mu 1897 n'kuyamba kutumiza mauthenga opanda waya ku zombo za m'nyanjamo, linga la asilikali la zaka za m'ma 1860, ndi pamene ankayesera mainjini a maroketi a Britain kuyambira m'ma 1950 mpaka 1971. Mwana anamvetsera za maroketi kukamwa kuli yasa. Amayi sanatembenuke n'komwe. Maso awo anali pa dothi.

Pobwerera mawondo anali atatopa, ndipo anavomera mpando wa pachingwe. Ndinakhala nawo limodzi, mwana ali ndi mayi wina wachifundo pampando wa kutsogolo. Ndinkayembekeza kuti atsinzina. Sanatsinzine. Anagwira chitsulo ndi manja onse awiri, akusuzumira pansi pamene mizere ija inkadutsa kunsi kwa mapazi athu umodziumodzi, milomo ikuyenda, kaya ankapemphera kaya ankawerenga.

Pamwamba tinalowa mu shopu ya mchenga. Mwambo wothira mchenga wa mitundumitundu m'timabotolo unayamba m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, yemwe anali ndi nyumba pa chilumbachi, Osborne House, kumene anamwalirira mu 1901. Anthu a nthawi imeneyo ankajambulanso zithunzi pomata mchengawu pa mapepala olimba. Kale mlendo aliyense ankadzikumbira yekha paphompho, koma tsopano n'zoletsedwa, chifukwa manja ambiri akanalitha khomalo msanga kuposa nyanja, ndiponso wokumba m'tsinde akhoza kukwiririka. Mchenga wa mu shopumo uli m'timabokosi tondandalika, ndipo eni malo amati mitundu yake ilipo 21. Umagula kabotolo kopanda kanthu, kena kooneka ngati nsanja ya nyali ija, kena ngati belu, n'kumathira ndi kasupuni muyalo ndi muyalo. Pomaliza wogulitsa amakagogodagogoda kuti mchenga utsendereke, amawonjezera pamwamba, n'kutseka zolimba kuti mitundu isasokonezeke panjira.

Poyamba zinkandinyansa pang'ono, kuona chinthu cha zaka mamiliyoni chikugulitsidwa pa kasupuni. Koma nditaona nkhalamba ina yachizungu ikuthandiza kamdzukulu kake, ikunena kuti nayonso inadzaza kabotolo kotere ili mwana, mtima unatsika. Munthu akaona chokongola amafuna kutengako pang'ono, monga ife timanyamulira ufa ndi usipa m'sutikesi pobwera kuno.

Mwana anathira mitundu yonse imene anaikwanitsa. Amayi anayenda mzere wonse wa timabokosi, akutapa pang'ono, kufikisa m'zala, kubweza. Anasankha itatu yokha: wakuda, wofiira ndi woyera. Wakuda anauika pansi, wofiira pakati, woyera pamwamba. Ndinazindikira nthawi yomweyo. Ndi mmene amakongoletsera khoma la khitchini yawo chaka chilichonse akatha kukolola, mtsiro m'munsi kuti madontho a mvula asaoneke, katondo pakati, loyera kumtunda pafupi ndi denga, kenako n'kukulungiza khonde ndi nkhulungo mpaka kuwala.

Anabwerera kumudzi mu August, kabotolo atakakulunga m'mpango n'kukaika m'chikwama cha m'manja. Kumapeto kwa September mchemwali wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Linali khoma la khitchini ija, lozira kumene, dothi likadali lonyowa. Mitundu inali itatu yomwe ija, koma mizere sinagone. Inachokera pakhonde kuloza kudenga, wakuda, wofiira, woyera, wakuda, wofiira, woyera, kuzungulira mpaka pakhomo.

Ndinaimba foni madzulo ake. Ndinamva nkhuku ndi mawu a ana chapatali.

"Amayi, khoma lija mwalitani?"

"Ndaliimika," anatero. "Anthu akumaima panjira kufunsa. Ndikumawauza kuti ndinakaliona kutsidya kwa nyanja, kwa mdzukulu wanga."